Dipo la moyo wa munthu m'Chisilamu: kodi ngamila 100 ndi makwacha angati ku Chipata?

CHIPATA, Zambia. Chaka chilichonse kuyambira 2021 mpaka 2024, apolisi a dziko la Zambia analengeza kuti anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pamsewu. Mumzinda wa Chipata, momwe njinga zonyamula anthu, njinga zamoto ndi magalimoto akuluakulu opita kumalire a Mwami zimalimbirana msewu umodzi, nkhani zotere si zachilendo. Maliro akatha ndipo anthu akabalalika, pamatsala funso lovuta: kodi amene wachititsa imfayo apereke chiyani kwa mkazi ndi ana amasiye?

Pa mwambo wathu, wochititsa ngozi amagula bokosi, amathandiza ndi ufa ndi ndiwo pa maliro, kenaka akuluakulu a mbali zonse ziwiri amakhala pansi kukambirana za chipepeso. Palibe mtengo wokhazikika. Koma kwa Asilamu nkhaniyi ili ndi lamulo lolembedwa, ndipo dipo lake limatchedwa diya.

Tiyerekeze motere. Dalaivala amene ndi Msilamu wagunda mwangozi bambo wa m'komboni ya Nabvutika, amene ankadyetsa banja lake ndi njinga yonyamulira anthu. Bamboyo wamwalira. Dalaivalayo, pofuna kukwaniritsa zomwe chipembedzo chake chimalamula, wapita kwa shehe kukafunsa kuti alipire zingati. Yankho la m'mabuku ndi lachidule: ngamila 100. Koma ku Chipata kulibe msika wa ngamila, ndipo mayi wofedwayo sangalipire lendi ndi ngamila. Afuna makwacha. Apa ndi pamene payambira mtsutso umene wavuta akatswiri a malamulo a Chisilamu m'mayiko ambiri.

Zomwe lamulo limanena

Qur'an imakamba za diya m'sura 4, ndime 92. Kumeneko akufotokoza kuti wopha munthu mwangozi apereke dipo kwa abale a malemu, pokhapokha ngati abalewo akhululuka mwa kufuna kwawo. Akuwonjezeranso kuti wophayo amasule kapolo, ndipo ngati sangathe kutero, asale kudya miyezi iwiri yotsatizana. Popeza ukapolo unatha, chomwe chatsala lero ndi kusala kudya. Sura 2, ndime 178, imakamba za kupha mwadala, pomwe abale ali ndi ufulu wokhululuka ndi kulandira dipo m'malo mofuna kuti wopha nayenso aphedwe.

Chofunika kudziwa n'chakuti Qur'an sitchula mtengo. Nambala ya ngamila 100 inachokera m'ziphunzitso za Mtumiki Muhammad, makamaka m'kalata imene anapatsa Amr ibn Hazm pomutuma kwa anthu a ku Yemen.

Vuto losintha ngamila kukhala ndalama linayamba kalekale. M'buku la mahadisi la Abu Dawud muli nkhani yakuti m'masiku a Mtumiki mtengo wa diya unali madinari 800 a golide kapena madirihamu 8,000 a siliva. Koma Umar ibn al-Khattab, amene analamulira Asilamu kuyambira chaka cha 634 mpaka 644, anaona kuti ngamila zakwera mtengo. Choncho anakweza diya kufika pa madinari 1,000 kwa anthu ogwiritsa ntchito golide, ndi madirihamu 12,000 kwa anthu a siliva. Kwa oweta ng'ombe anaika ng'ombe 200, kwa oweta nkhosa anaika nkhosa 2,000, ndipo kwa ochita malonda a nsalu anaika zovala 200 za pamwamba ndi pansi.

Zomwe anachita Umar zikutiphunzitsa kuti diya sinali nambala youma ya ndalama. Unali muyeso wa chuma chenicheni, ndipo mtengo wa chumacho ukasintha, nambalanso inkasintha. M'nthawi yake miyeso yonseyi inali yofanana kapena yoyandikana. Lero yatalikirana kwambiri.

Miyeso itatu, mayankho atatu

Akatswiri ambiri a masiku ano amavomereza kuti dinari imodzi inkalemera magalamu 4.25 a golide, ndipo dirihamu imodzi inkalemera magalamu 2.975 a siliva. Tikawerengera, madinari 1,000 ndi magalamu 4,250 a golide, pamene madirihamu 12,000 ndi magalamu 35,700 a siliva. Otsatira Imam Abu Hanifa amaika muyeso wa siliva pa madirihamu 10,000, omwe ndi magalamu 29,750.

Tsopano titenge mitengo ya mwezi wa October 2025 monga chitsanzo. M'mwezi umenewo golide anapitirira madola 4,000 a ku America pa aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31.1, ndipo siliva anafika pa madola 50. Dola imodzi inkasinthidwa ndi pafupifupi K23 ya Zambia.

Potsata golide, diya inali pafupifupi madola 546,000, kapena kuti K12.5 miliyoni. Potsata madirihamu 12,000 a siliva, inali pafupifupi madola 57,000, kapena K1.3 miliyoni. Potsata madirihamu 10,000, inali pafupifupi K1.1 miliyoni. Nanga ng'ombe, zomwe anthu a chigawo cha kum'mawa amazidziwa bwino? Titayerekeza kuti ng'ombe imodzi yagulidwa pa K10,000, ng'ombe 200 zingakhale K2 miliyoni.

Choncho moyo umodzi womwewo, pa tsiku limodzi lomwelo, ukhoza kuwerengeredwa K1.1 miliyoni kapena K12.5 miliyoni, malinga ndi muyeso umene shehe wasankha. Chifukwa chake n'chakuti m'masiku a Umar galamu imodzi ya golide inkagula magalamu 7 kapena 8 a siliva, pamene mu October 2025 inkagula pafupifupi magalamu 80. Mitengo imeneyi imasintha tsiku ndi tsiku, kotero aliyense wofuna kuwerengera lero ayenera kufunsa mtengo wa tsikulo.

Mzinda umodzi, njira ziwiri

Ku Chipata kusiyana kumeneku kuli pakhomo penipeni. Asilamu a mumzindawu anachokera mbali ziwiri. Ena ndi zidzukulu za amalonda ochokera ku Gujarat m'dziko la India, amene anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mzindawu ukutchedwa Fort Jameson, ndipo anakhazikika kudera la masitolo la Down Shops. Ambiri mwa iwo amatsata njira ya Imam Abu Hanifa. Ena ndi Ayao ndi anthu ena amene makolo awo analandira Chisilamu kudzera kwa amalonda a kugombe la kum'mawa kwa Africa, kumene njira ya Imam Shafi'i ndi imene inazika mizu.

Imam Shafi'i, m'maganizo ake omaliza, anati maziko a diya ndi ngamila basi. Ngati ngamila sizikupezeka, wolipira apereke mtengo wa ngamila 100, kaya wakwera motani. Imam Abu Hanifa anati ngamila, golide ndi siliva zonse ndi maziko, ndipo munthu akhoza kulipira ndi chimodzi mwa izo. Otsatira Imam Ahmad ibn Hanbal amawerengeranso ng'ombe ndi nkhosa. Motero dalaivala wathu uja akhoza kumva mayankho awiri osiyana kwa mashehe awiri a mumzinda umodzi, ndipo onse awiriwo ali ndi mabuku akale owaikira kumbuyo.

Palinso mfundo ina yokhudza dziko monga Zambia, momwe anthu ambiri ndi Akhristu. Bambo wa ku Nabvutika uja akhoza kukhala wa mpingo wa Katolika kapena wa Reformed. Mabuku a njira ya Shafi'i amaika dipo la Mkhristu kapena Myuda pa gawo limodzi mwa magawo atatu a dipo la Msilamu, ndipo a njira za Malik ndi Ibn Hanbal amaliika pa theka. Koma Abu Hanifa anaphunzitsa kuti dipo la munthu amene si Msilamu, wokhala mwamtendere ndi Asilamu, ndi lofanana ndi la Msilamu. M'dziko limene malamulo ake amati nzika zonse ndi zofanana, ganizo la Abu Hanifa ndi limene lingalandiridwe popanda kudzetsa chidani pakati pa anthu oyandikana nyumba. Chimodzimodzinso nkhani ya akazi. Mabuku akale amaika dipo la mkazi pa theka la dipo la mwamuna, koma dziko la United Arab Emirates linakhazikitsa mtengo umodzi wa madirihamu 200,000 a dzikolo kwa mwamuna ndi mkazi yemwe.

Momwe mayiko ena achitira

Mayiko amene diya ili m'malamulo a boma asankha njira zosiyana. Dziko la Saudi Arabia limatsata ngamila. M'chaka cha 2011 linakweza diya ya kupha mwangozi kuchoka pa mariyali 100,000 kufika pa 300,000, omwe ndi madola 80,000, ndipo ya kupha mwadala inachoka pa 110,000 kufika pa 400,000. Mtengo wakalewo unali utakhala pafupifupi zaka 30 osasinthidwa, pamene ngamila zinali zikukwera. Izi zikutanthauza kuti mabanja amene analandira diya chaka cha 2010 analandira ndalama zosakwana kugula ngamila zomwe lamulo limanena.

Dziko la Pakistan linasankha siliva. Malamulo a diya anayamba kugwira ntchito kumeneko m'chaka cha 1990, ndipo gawo 323 la malamulo a milandu limati diya isachepere mtengo wa magalamu 30,630 a siliva. Boma limalengeza mtengo wake m'ndalama za rupee chaka chilichonse mu July. Ku Iran, akuluakulu a makhoti ndi amene amalengeza mtengo watsopano chaka ndi chaka. Mayiko awiriwa anazindikira kuti nambala yolembedwa pa pepala siingasiyidwe zaka zambiri osaiwonanso.

Tiyenera kusiyanitsa mitengo imeneyi ndi ndalama zikuluzikulu zomwe timamva pa wailesi. Pa mlandu wa kupha mwadala, abale akhoza kutchula mtengo uliwonse kuti akhululuke. Mu July 2025, mwamuna wina wa ku Kenya amene anaweruzidwa kuti aphedwe ku Saudi Arabia chifukwa cha imfa ya mnzake wa kuntchito mu 2011, anatulutsidwa m'ndende bungwe la Muslim World League litalipira madola 1 miliyoni. Ndalama zimenezi zinaposa mtengo wa boma kangapo. Achinyamata a ku Zambia ndi ku Malawi amene amapita kukagwira ntchito kumayiko a Aluya ayenera kudziwa kuti kumeneko lamuloli ndi la boma, ndipo limakhudza mlendo aliyense, kaya ndi wa chipembedzo chanji.

Ndalama ya pepala siikhazikika

Dinari ya golide inali ndi mtengo mwa iyo yokha. Ndalama ya pepala ndi lonjezo chabe la banki yayikulu ya dziko. Kuyambira pa 15 August 1971, pamene dziko la America linasiya kusintha dola ndi golide, ndalama za mayiko zinaleka kumangiriridwa ku golide. M'chaka cha 1986, bungwe la akatswiri a malamulo a Chisilamu la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake ku Amman m'dziko la Jordan, linagamula kuti ndalama za pepala ndi ndalama zenizeni, ndipo zimatsata malamulo omwe amakhudza golide ndi siliva. Choncho kulipira diya ndi makwacha n'kololedwa. Chovuta n'chakuti kwacha imayenda.

Pamene kwacha inayamba mu January 1968, K1 inali yamphamvu kuposa dola imodzi. Pofika 2012 dola imodzi inkagulidwa ndi pafupifupi K5,000, ndipo pa 1 January 2013 banki ya Bank of Zambia inachotsa maziro atatu. Kuchokera pamenepo dola inakwera kuchoka pa K5 ndi mangwee ochepa mpaka kupitirira K28 kumayambiriro kwa 2025, kenaka n'kutsikanso. Pa 31 March 2025 bankiyo inatulutsa ndalama zatsopano, kuphatikizapo za K200 ndi K500. Kutsidya kwa malire, kwacha ya Malawi inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023.

Tiyerekeze kuti mashehe a ku Chipata akanagwirizana mu January 2013 kuti diya ikhale K300,000. Panthawiyo zinali pafupifupi madola 57,000. Pofika kumayambiriro kwa 2025, K300,000 yomweyo inali yosakwana madola 11,000. Ana amasiye a 2025 akanalandira gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe anzawo a 2013 analandira, nambala pa pepala ili yomweyo.

Nkhaniyi imakula chifukwa malamulo a Chisilamu amalola kuti diya ya kupha mwangozi ilipidwe pang'onopang'ono m'zaka zitatu. M'chaka cha 2015 chokha, dola inachoka pa K6.4 mu January n'kufika pa K11 mu December. Banja limene linagwirizana za mtengo kumayambiriro kwa chakacho likanaona gawo lachiwiri la malipiro litafwifwa lisanafike m'manja. Njira imodzi yopewera zimenezi ndi kulemba pangano m'magalamu a siliva kapena m'ng'ombe, kenaka n'kumasintha kukhala makwacha pa tsiku lolipira gawo lililonse. Kwacha ikalimba, monga zinachitikira m'kati mwa 2025, wolipira ndi amene amapepukidwa. Ikagwa, wofedwa sataya kanthu.

Nanga alipira ndani?

Ngakhale titasankha muyeso wotsika wa siliva, K1.3 miliyoni ndi ndalama zambiri. Malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba omwe boma la Zambia linakhazikitsa mu January 2024 anali K1,300 pa mwezi. Munthu wolandira ndalama zimenezi angafunike miyezi 1,000, kapena kuti zaka 83, osadya kanthu, kuti akwanitse diya imodzi. Dalaivala wolembedwa ntchito kapena mnyamata wa njinga yamoto sangathe.

Malamulo a Chisilamu anaziwoneratu zimenezi. Pa imfa yangozi, diya salipira wopha yekha. Imalipidwa ndi gulu lotchedwa aqila, omwe ndi abale aamuna a kuchimuna, aliyense n'kupereka pang'ono malinga ndi kupeza kwake. Akuluakulu athu anati mutu umodzi susenza denga. Koma pano pali mfundo imene mabuku a ku Arabia sanaiganizire. Achewa ndi Ayao amatsata kuchikazi. Munthu akapalamula, amene amaimirira pa bwalo ndi atsibweni ake, eni mbumba, osati abale a bambo ake. Kwa Angoni a Mpezeni, amene amatsata kuchimuna ndipo amaweta ng'ombe, lamulo la aqila likhoza kumveka msanga. M'komboni monga Nabvutika, momwe anthu anasiya midzi yawo ndipo abale ali kutali, mbali zonse ziwiri n'zovuta kuzisonkhanitsa.

Apanso mbiri ya Umar ikutithandiza. Iye anasamutsa udindo wa aqila n'kuuika pa anthu olembedwa m'kaundula mmodzi wa asilikali, ndipo otsatira Abu Hanifa anatengera pamenepo ganizo lakuti aqila ndi gulu lililonse limene limathandizana. M'chaka cha 2005, pa msonkhano wa ku Dubai, bungwe la International Islamic Fiqh Academy linagamula kuti ngati abale palibe kapena alephera, udindowu ukhoza kusenzedwa ndi inshuwaransi yothandizana ya Chisilamu, mabungwe a anthu a ntchito imodzi, kapena thumba la ndalama la ogwira ntchito pamalo amodzi. Kwa ife izi zikuloza ku magulu a madalaivala, magulu a anyamata a njinga, ndi makomiti a m'mizikiti. Zikulozanso ku inshuwaransi yoteteza anthu ena pamsewu, imene lamulo la pamsewu la Zambia la 2002 limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala nayo, ngakhale kuti ndalama zake zili ndi malire olembedwa m'pangano.

Lamulo la Zambia likuti chiyani?

Omvera ayenera kumvetsa bwino mfundo iyi: ku Zambia kulibe makhoti a Shariya, ndipo diya si lamulo la boma. Kupha munthu mwadala, kupha mosafuna, ndi kuchititsa imfa poyendetsa galimoto moopsa ndi milandu ya boma. Abale sangaitseke polandira ndalama. Gawo 8 la lamulo loyendetsera milandu limalola khoti kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono monga kumenyana, koma osati pa milandu ikuluikulu. Kulandira ndalama kuti ubise mlandu waukulu ndi mlandunso pawokha. Chilango cha imfa chinathetsedwa mu December 2022, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lochichotsa, kotero nkhani yowombola munthu kuti asaphedwe kuno kulibe.

Malo a diya ku Zambia ndi a chipukutamisozi. Banja lofedwa lili ndi ufulu wokasuma ku khoti kuti lipatsidwe ndalama chifukwa chotaya wolidyetsa, ndipo likhozanso kugwirizana ndi wochititsa ngozi kunja kwa khoti pa nkhani ya ndalamazo. Msilamu amene wapereka diya wakwaniritsa udindo wake pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa ofedwa, koma ayenerabe kukaonekera pamaso pa woweruza.

Pali chinthu chimodzi chimene Shariya ndi lamulo la dziko zikugwirizana. Diya ndi chuma cha olowa m'malo mwa malemu, ndipo mkazi wamasiye ndi ana ali ndi gawo lawo lodziwika. Si ndalama za aliyense amene wabwera pa maliro ndi mawu okweza. Nalo lamulo la Zambia la 1989 la chuma chamasiye linapangidwa kuti lithetse mchitidwe wolanda katundu, ndipo limapatsa ana 50 peresenti ndi mkazi kapena mwamuna wotsala 20 peresenti.

Zomwe zingathandize

Kuchokera pa zonsezi, pali mfundo zinayi zimene akuluakulu a mizikiti ya ku Chipata angagwirizane ngozi isanachitike. Yoyamba ndi kusankha muyeso umodzi wodziwika kwa onse, kaya siliva kaya ng'ombe, kuti wofedwa ndi wolipira asamayendayenda kufunafuna shehe wowakomera. Yachiwiri ndi kulengeza mtengo wake m'makwacha chaka chilichonse, monga achitira ku Pakistan. Yachitatu ndi kukhazikitsa thumba lothandizana limene lingagwire ntchito ya aqila. Yachinayi ndi kulemba pangano lililonse pamaso pa mboni, lotchula tsiku, muyeso, ndi mayina a mkazi ndi ana amene alandire.

Qur'an imapatsa ofedwa ufulu wokhululuka dipo lonse kapena gawo lake, ndipo mabanja ambiri angasankhe kutero poona umphawi wa wolipira. Koma kukhululuka kumakhala ndi tanthauzo ngati wokhululukayo akudziwa chimene akusiya. Mayi wa ku Nabvutika amene wapatsidwa bokosi, thumba la ufa ndi K5,000, osauzidwa kuti muyeso wotsikitsitsa wa m'mabuku unaposa K1 miliyoni pa mitengo ya October 2025, sanakhululuke chilichonse. Wangolandira zomwe wapatsidwa. Ayenera kuuzidwa kaye mtengo wonse, m'makwacha a tsiku limenelo, kenaka iye ndi ana ake asankhe okha.